Fibre m'nyumba zomangidwa kumene: tifunse ndani tisanasaine?

Bambo a Tadala: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tikufuna kugula nyumba pamalo ena pomwe kampani ikumanga nyumba zambiri nthawi imodzi. Pa kapepala kotsatsa analembapo kuti malowo ali ndi fibre. Koma ndikalemba adiresi ya nyumbayo pa webusayiti za makampani a intaneti, ena akuti adiresiyo sakuidziwa, ena akuti afikako posachedwa. Wogulitsa akungoti tisade nkhawa, zonse zili m'chimake. Mayi akunyumba amagwirira ntchito pakhomo, misonkhano yawo yonse ndi ya pa vidiyo, ndiye nkhaniyi kwa ife si yamasewera. Tisaine kapena tiyambe tadikira?

Anaphiri: Musasaine kaye bambo. Posachedwa ameneyo ife tinamumva tisanasamuke, mpaka lero akadali m'njira. Kapinga wamera pabwalo, mitengo yomwe tinadzala yayamba kupereka mthunzi, fibre ayi ndithu.

Mphatso: Kkkk posachedwa ameneyo ndi m'bale wake wa "tikuimbirani".

Achisale: Ine ntchito yanga ndi yomweyi, yokoka ndi kulumikiza fibre, ndiye mundilole nditalikitseko pang'ono. Wogulitsayo akhoza kukhala kuti sakunama, koma inu n'kukhalabe opanda intaneti. Anthu amaphatikiza zinthu zomwe n'zosiyana. Pali paipi yopanda kanthu yomwe amakwirira pansi pomanga msewu. Pali nthambo ya fibre yeniyeniyo yomwe imadzalowetsedwa m'paipimo. Kenako pali kuwala koyenda m'nthambomo, kochokera ku makina a kampani otchedwa OLT n'kudzathera pa kabokosi ka pakhoma m'nyumba mwanu kotchedwa ONT. Malo ambiri atsopano ali ndi paipi yokhayo. Omanga akakwirira paipiyo amaona ngati amaliza, ndipo kumbali yawo amalizadi, koma paipi siitsegula imelo.

Ndiye mukabwerera kwa wogulitsayo musamufunse kuti kodi fibre ilipo, chifukwa ayankha kuti inde. Mufunseni kuti netiweki yomwe ili pansipo mwini wake ndi kampani iti, ndiponso ngati pali nyumba ngakhale imodzi mumsewu wanuwo yomwe intaneti yake ikugwira kale ntchito. Akatchula dzina la kampani, imbani nokha ku kampaniyo. Akayamba kuzungulira, yankho mwalipeza.

Bambo a Tadala: Zikomo achimwene. Nanga za adiresi yosadziwikayi?

Achisale: Zimenezo zokha zisakuopseni. Nyumba yatsopano imayamba yadziwika ndi nambala ya puloti ya pa pulani ya omanga. Dzina la msewu ndi nambala ya nyumba zimabwera pambuyo, zikavomerezedwa ndi khonsolo kapena ofesi yoona za maadiresi, ndipo zimatenganso nthawi kuti zilowe m'makompyuta a kampani ya netiweki, kenako m'makompyuta a makampani ogulitsa intaneti. Ndaonapo nyumba yomwe ONT ili kale pakhoma, getsi lake likuwala bwinobwino, koma mwini nyumba akaimba foni akumuuza kuti nyumba yake kulibe. Zikatere mumawawerengera nambala yomwe yalembedwa pa kabokosiko, kapena nambala yomwe kampani ya netiweki inapatsa pulojekiti yonseyo. Omanga amakhala nayo nambala imeneyo, ifunseni.

Amkandawire: Ndaona kuti omanga tayamba kudyedwa pano, ndiye ndilankhulepo, ine ndimayang'anira ntchito pa saiti. Si nthawi zonse pomwe vuto limakhala lathu. Ife timalembetsa pulojekiti ku kampani ya netiweki maziko asanakumbidwe. Iwo amatitumizira pulani yosonyeza modutsa mapaipi ndi poika maenje olumikizirana nthambo. Timakumba, timayala, timakwirira. Kenako timawaitana kuti adzayendere ntchitoyo n'kulowetsa nthambo yawo. Apa ndi pomwe pamagona nkhani. Anthu awo amabwera nthawi yomwe iwo akonza, pomwe ife ogula ali kale pakhosi kufuna makiyi. Kodi munthu timukanize kulowa m'nyumba yake yoti yatha chifukwa choti nthambo sinafike? Madzi alipo, magetsi alipo, denga silikudontha.

Anaphiri: Palibe akuti mumukanize, Amkandawire. Tikuti mumuuze zoona asanalipire. Mukanandiuza kuti fibre idzafika gawo lachitatu la nyumba likadzatha, ndikanadziwa chochita. Koma pa chikwangwani cha pageti munalemba zina.

Amkandawire: Zolemba pa chikwangwani ndi za a malonda mayi, ife a simenti sitizidziwa.

Mphatso: Paliponse pali "si ife" wake kkkk.

Achisale: Amkandawire anena zoona pang'ono, koma asiya mbali ina. Nthawi zambiri tikafika kudzalowetsa nthambo timapeza paipi yatsekeka. Malole a njerwa ndi mchenga akhala akudutsa pamwamba pake msewu usanalimbe, paipi yaphwanyika. Pena wina anasiya kukamwa kwa paipi kosatseka, matope ndi simenti zalowamo n'kuuma. Pena chingwe chokokera chomwe chimayenera kusiyidwa m'katimo munthu anachisolola kukamangira zinthu zake. Pena paipi anaipinda ngati chigongono pofuna kuzemba ngalande ya madzi. Fibre ndi galasi, kukula kwake ndi ma micron 125 basi, kuposa tsitsi pang'ono, ndipo mukaipinda kwambiri kuwala kumathawira kunja. Tikapeza zotere timalemba lipoti n'kubwerera. Omanga akonze, ife tidzabwerenso. Pamenepo miyezi ikupita, ndipo mwini nyumba sakudziwa kuti chomwe chamuimitsa ndi simenti yodzaza dzanja limodzi yomwe ili pansi pa msewu wolowera kugalaja kwa neba wake.

Amkandawire: Zimenezo zimachitikadi, sindikana. Koma nanunso mukalemba lipotilo mumalitumiza ku ofesi yomwe ife sitiidziwa.

Nasibeko: Ine vuto langa ndi losiyana ndi la Anaphiri. Kwathu fibre inalipo tsiku lomwe tinalowa, ndipo poyamba ndinasangalala. Koma kampani yake ndi imodzi yokha. Omanga anagwirizana nayo kuti iyale netiweki pamalo ponsepo, ndipo palibe kampani ina yomwe ikugulitsa intaneti kudzera m'nthambo imeneyo. Akakweza mtengo, timalipira. Intaneti ikaduka Lachisanu madzulo, timadikira Lolemba. Ndinaimbira makampani ena awiri akuluakulu omwe nthambo zawo zimadutsa pamsewu waukulu pafupi ndi ife, onse anati sangalowe chifukwa misewu ya m'kati si ya khonsolo, ikadali m'manja mwa omanga, ndipo mapaipi ndi a kampani inayo. Ndiye Bambo a Tadala, kufunsa kuti fibre ilipo n'kosakwanira. Funsaninso kuti ndi makampani angati omwe mungasankhepo.

Mayi a Pempho: Zimenezi n'zololedwa koma? Nyumba ndi yanga, ndagula ndi ndalama zanga, wina n'kundisankhira kampani ya intaneti?

Loya wa Gulu: Mwandiitana, ndabwera. Yankho limadalira dziko lomwe muli, chifukwa malamulo ake ndi osiyana kwambiri. Ku United States bungwe la boma loyang'anira za matelefoni ndi mawayilesi la FCC linaletsa mu 2008 mapangano opatsa kampani imodzi yokha ya matelefoni ufulu wolowa m'nyumba zogonamo mabanja ambiri, monga mafulati. Makampani ndi eni nyumba anapeza njira ina: kampani imapatsa mwini nyumba gawo la ndalama zomwe ikutolera kwa alendi, ndiye mwini nyumbayo alibenso chifukwa cholowetsera kampani yachiwiri. Mu 2022 FCC inaletsanso mitundu ina ya mapangano ogawana ndalama oterewa. Komabe zoti intaneti iphatikizidwe mu lendi kapena mu ndalama zolipirira chisamaliro cha malo, aliyense n'kumalipira kaya akuifuna kaya ayi, zimenezo zikuchitikabe.

Chomwe ndikufuna muone n'chakuti nthawi zambiri sipakhala n'komwe pepala loletsa makampani ena. Kampani yachiwiri imangowerengera yokha: tikumbe msewu watsopano womwe wangothiridwa phula, tipemphe chilolezo kwa omanga, tiwononge ndalama zonsezo, kuti tikalimbirane makasitomala omwe ali kale ndi fibre? Imangotembenuka n'kupita kwina. Palibe lamulo lomwe lathyoledwa, koma Nasibeko watsala ndi kampani imodzi.

Nasibeko: Ndiye basi tizingolira?

Loya wa Gulu: Werengani kaye mapepala omwe munasaina pogula, makamaka okhudza kampani kapena komiti yosamalira malowo. Fufuzani kuti mapaipi ndi a ndani, mgwirizano ndi kampaniyo ndi wa zaka zingati, ndiponso chidzachitike n'chiyani misewu ikadzaperekedwa kwa khonsolo kapena kwa eni nyumba. Pena mumapeza kuti mapaipi ndi a eni nyumba nonse pamodzi, kungoti palibe anakuuzani.

Achisale: Nkhani yonse yagona pa kukumba. Nthambo ya fibre payokha si yodula kwenikweni. Chodula ndi ngalande, kuswa phula, kubwezeretsa msewu, zilolezo. A European Commission akhala akunena kuti ntchito yokumbayi imatha kufika pa 80 peresenti ya ndalama zonse zoyalira netiweki. N'chifukwa chake malo omangidwa kumene ndi mwayi waukulu, komanso ndi pomwe mwayi umatayika mopweteka. Nthawi yomwe ngalande za madzi ndi magetsi zili zotsegula, kuponyamo paipi ina yowonjezera ndi ntchito yochepa kwambiri. Phula likangothiridwa, paipi yomweyo imafuna makina, zilolezo ndi mikangano. Chiganizo choti malo akhale ndi kampani imodzi kapena zingapo chimapangidwa ogula asanaone n'komwe nyumbazo.

Amkandawire: Ndipo amene amalipira paipi yowonjezerayo ndi ife, pomwe phindu lake amadya ndi a intaneti. Muzinenanso zimenezo.

Anaphiri: Mumalipira inu kapena mumaziika pa mtengo wa nyumba?

Amkandawire: Mayi inu, tiyeni tizilemekezana kkkk.

Loya wa Gulu: Mkangano wa Amkandawire ndi Anaphiriwu ndi womwe unachititsa kuti maiko ena angoika lamulo. Ku Australia kuyambira 2011 makampani omanga malo atsopano amayenera kuyala mapaipi ndi maenje okonzekera fibre asanagulitse. Ku European Union lamulo la 2014 linati nyumba zatsopano zopempheredwa chilolezo chomanga pambuyo pa 31 December 2016 zikhale ndi njira zodutsa nthambo za intaneti yothamanga m'kati mwake, ndipo mu 2024 anabweretsa Gigabit Infrastructure Act yomwe inakhwimitsa zimenezi mpaka kufuna nthambo ya fibre yeniyeniyo m'nyumba zatsopano. Ku England kuyambira pa 26 December 2022 womanga nyumba yatsopano ayenera kuika mapaipi ndi zonse zofunika, komanso kuilumikiza ku netiweki yothamanga kwambiri ya gigabit ngati mtengo wolumikizawo sukupitirira £2,000 pa nyumba imodzi. Ukapitirira, amaika intaneti yothamanga kwambiri yomwe ingapezeke pa ndalama imeneyo, koma mapaipi aja amaikabe. Onani kuti ngakhale lamulo la ku England likukamba zoti nyumba ilumikizidwe, silikunena kuti makampani akhale angapo. Vuto la Anaphiri lamuloli limalithetsa, la Nasibeko ayi.

Mayi a Pempho: Nanga la Nasibeko mankhwala ake n'chiyani?

Achisale: Netiweki yotseguka kwa onse. Kampani imodzi imayala nthambo n'kumaisamalira, koma siigulitsa intaneti kwa inu. Imabwereketsa nthamboyo kwa makampani ambiri, inu n'kusankha yemwe mukufuna. Mukakhumudwa ndi wina mumasamukira kwa wina popanda kukumbanso kapena kuboolanso khoma, kabokosi kapakhoma kamakhala komweko. Ku New Zealand anachita zimenezi ndi pulogalamu ya Ultra-Fast Broadband yomwe inayamba mu 2011 n'kutha kumapeto kwa 2022 itafikira 87 peresenti ya anthu, ndipo gawo lalikulu linayalidwa ndi Chorus yomwe imagulitsa kwa makampani osati kwa anthu. Ku Singapore nthambo zolowa m'nyumba ndi za NetLink, makampani a intaneti amangodutsamo. Ku South Africa kuli Vumatel ndi Openserve. Ndiye funso lina lofunsa wogulitsa nyumba ndi lomwelo: netiwekiyi ndi yotseguka kwa makampani ena kapena ndi ya kampani imodzi?

Mphatso: Ine ndinene zosakomera anthu. Mukuvutikiranji ndi zokumbakumbazi? Gulani router ya 5G, ikani pawindo, nkhani yatha. Kapena Starlink. Mukasamuka mumanyamula. Fibre ndi ya anthu okonda kudikira.

Anaphiri: Mphatso mwanawe, router ya 5G ndi yomwe ndikugwiritsa ntchito panopa. M'mawa imathamanga bwino. Ikangokwana nthawi yoti anthu aweruka, aliyense watsegula TV yake, vidiyo imayamba kuzungulira. Tili oyamba kusamukira kuno zinali bwino, koma nyumba zikamadzaza zinthu zikunka ziipiraipira.

Achisale: Zomwe akunena Anaphirizo zili ndi chifukwa chake. Mlongoti womwe ukutumikira malowo unamangidwa pomwe panali tchire kapena minda, poganizira anthu ochepa odutsa. Lero pabwera mabanja mazanamazana, onse akugawana mlongoti womwewo. Kuwonjezera apo nyumba zamakono zimatchinga netiweki: mawindo ena ali ndi kansalu kachitsulo kosaoneka kotchinjiriza kutentha, m'makoma ndi kudenga muli zotchingira zokutidwa ndi aluminiyamu. Mafunde a 5G a m'dera la 3.5 GHz salowa bwino m'makoma poyerekeza ndi mafunde otsika. Ngati mukudalira 5G podikira fibre, pezani router yokhala ndi mlongoti wake wapanja, muuloze komwe kuli mlongoti wa kampani.

Starlink ndi yabwino ndithu komwe kulibe china. Masetilaiti ake ali makilomita mazana angapo chabe m'mwamba, pomwe akale aja amakhala pa makilomita 35,786, n'chifukwa chake pa akalewo mawu ankachedwa kupitirira theka la sekondi pomwe pa Starlink kuchedwako sikumveka kwenikweni. Koma imafuna thambo loonekera bwino, mvula yamphamvu imaisokoneza, ndipo nayonso anthu a dera limodzi amagawana. Komanso malo ena atsopano ali ndi malamulo awo oletsa kukhoma zinthu padenga kapena pakhoma lakumaso. Muwerenge musanagule mbale.

Mphatso: Chabwino akulu, koma fibre nayonso anthu amagawana, musatinamize.

Achisale: Amagawanadi, sindinakane. Netiweki zambiri zolowa m'nyumba ndi za mtundu wa GPON. Nthambo imodzi yochokera ku OLT imanyamula pafupifupi 2.5 gigabit pa sekondi potsitsa ndi 1.25 pokweza, ndipo imagawidwa ndi kagalasi kotchedwa splitter kupita ku nyumba 32, pena 64. Kusiyana kwake n'kwakuti chiwerengerocho n'chodziwika ndipo sichisintha. Nyumba ya 33 siingangobwera n'kudzilowetsa yokha ngati mmene foni iliyonse yodutsa imalowera pa mlongoti. Ndipo kukachepa, kampani imasintha makina a kumapeto n'kuika XGS-PON, yomwe muyezo wake unatuluka mu 2016 ndipo imanyamula pafupifupi 10 gigabit mbali zonse ziwiri, pa galasi lomwe lija, osakumbanso. Pa malo omangidwa lero ndingadabwe kuona kampani ikuyala zinthu zosatha kukwezedwa chonchi.

Gogo Nankhoma: Ana inu mukukamba zakuya. Ine ndingofunsa chimodzi. Mwana wanga anandiuza kuti kwake kuli fibre, koma nditapitako nthambo yolowa m'nyumba inali ya telefoni yakale ija. Ndiye fibre yake ili pati?

Achisale: Funso labwino kwambiri agogo. Kumeneko fibre yathera pa bokosi la mumsewu, kuchoka apo kukafika m'nyumba ndi waya wa kopa. Amazitcha FTTC. Liwiro lake limatsika nyumba ikatalikirana ndi bokosilo, woyandikana nalo amasangalala, wa kumapeto kwa msewu amadandaula. Yomwe tikukamba pano ndi FTTH kapena FTTP, pomwe galasi limalowa mpaka m'nyumba, ndipo limatha kuyenda makilomita 20 kuchokera ku OLT liwiro osasintha. Otsatsa malonda zonsezi amangoti fibre. Pa nyumba yatsopano musavomere ya kopayo. Njira yodziwira ndi yosavuta: pakhoma pakhale ONT, kapena kabokosi kakang'ono komwe kathera nthambo yopyapyala yokhala ndi pulagi yobiriwira kapena yabuluu.

Gogo Nankhoma: Ndamva tsopano. Ndikamuuza kuti anamupusitsa.

Mphatso: Agogo musakayambitse nkhondo kumeneko kkkk.

Bambo a Tadala: Ndabwerako kwa wogulitsa uja. Dzina la kampani ya netiweki wanditchulira, ndipo nditaimbako avomera kuti pulojekitiyo akuidziwa. Akuti gawo loyamba la nyumba linalumikizidwa kale, koma yathu ili m'gawo lachiwiri ndipo nthambo sinalowe. Tsiku sakutchula. Makampani ogulitsa intaneti pa netiweki yawo akuti alipo angapo.

Loya wa Gulu: Ndiye muli pabwino kuposa ambiri. Chotsala n'choti zomwe akulonjeza pakamwazo zilowe m'pangano logulira nyumba: kuti nyumbayo idzakhala ndi fibre yofika m'kati, ndipo ngati sidzakhala italumikizidwa pa tsiku lolandira makiyi, omanga adzachita chiyani podikira. Ena amavomera kupereka router ya 4G kapena 5G mpaka nthambo ifike. Kapepala kotsatsa kaja musakadalire, kawirikawiri pansi pake pamakhala timalemba ting'onoting'ono tonena kuti zomwe zalembedwazo zikhoza kusintha.

Anaphiri: Ndipo pitani mukagogode pa nyumba ziwiri zitatu za gawo loyambalo. Anthu okhalamo ndi omwe angakuuzeni kuti anadikira nthawi yaitali bwanji. Ine ndikanapeza munthu wondiuza.

Mayi a Pempho: Ife yathu ikumangidwa kumene, makoma afika pa windo. Pali chomwe ndingawauze amisiri panopa zinthu zisanatsekedwe?

Achisale: Mayi, inu ndiye muli pa nthawi yabwino kuposa aliyense pagulu pano. Choyamba onani komwe akufuna kuika ONT. Omanga amakonda kuiponya m'galaja kapena m'kabati ya pansi pa masitepe pafupi ndi mita ya magetsi, chifukwa ndi pomwe paipi yatulukira. Router ikakhala mmenemo, kuseri kwa chitseko ndi makoma awiri, mudzalipira intaneti yothamanga koma kuchipinda muzidzalandira nyenyeswa, kenako muzidzatukwana kampani yosalakwa. ONT ikhoza kukhala m'galajamo, palibe vuto, bola pachoke waya wa netiweki wotchedwa Cat6 kupita pakati pa nyumba pomwe padzakhale router. Muwauze akokenso Cat6 kupita kuchipinda chogwiriramo ntchito, kuseri kwa TV, ndiponso kudenga la m'khonde la m'kati ngati nyumbayo ndi yaikulu kapena yosanja. Waya ameneyu amanyamula gigabit mpaka mamita 100 osavuta. Pulasitala asanapakidwe ndi ntchito ya tsiku limodzi, akapaka ndi ntchito yoswa khoma.

Pafupi ndi ONT pakhale masoketi awiri a magetsi, osati imodzi. Ndipo paipi yochoka kumpanda kufika m'nyumba ikhale yokhota pang'onopang'ono, isakhale ndi ngodya yakuthwa, m'kati asiyemo chingwe chokokera, kukamwa kwake atseke. Muijambule ndi foni ngalande isanakwiriridwe, chithunzicho chionetsenso khoma kapena geti kuti mudzadziwe pomwe yadutsa.

Amkandawire: Apa ndiye ndikugwirizana nawo Achisale. Jambulani ndithu. Nthambo zambiri zomwe zimaduka chaka choyamba amadula ndi eni nyumba okha: wina akukumba dzenje la mtengo, wina akuika nsanamira ya geti, wina akuyala njerwa pabwalo. Akadula amathamangira kwa ife kuti munamanga zosalimba.

Nasibeko: Neba wanga anadula yake ndi khasu akudzala maluwa. Anailumikiza ndi tepi ngati waya wa magetsi kkkk.

Achisale: Imeneyo siilumikizika ndi tepi, imafuna makina owotcherera magalasi awiriwo kuti agwirane ndendende. Mukaona getsi lofiira lolembedwa LOS pa ONT, dziwani kuti kuwala sikukufika, kuzimitsa ndi kuyatsa router sikuthandiza, imbani foni. Ndipo chonde nthambo yoduka musaiyang'ane kukamwa kwake kuti muone ngati ikuwala. Kuwala kwake ndi kwa laser ya ma nanometer 1310 ndi 1490, diso silikuona, koma kukhoza kulivulaza. Ana muwauzenso.

Gogo Nankhoma: Nanga magetsi akazima? Telefoni yakale ija inkagwirabe ntchito mumdima.

Achisale: Inkagwira chifukwa magetsi ake ankabwera ndi waya wa kopa womwewo kuchokera ku ofesi ya matelefoni. Galasi silinyamula magetsi. Mumsewu mulibe chofuna magetsi, splitter ija imangogawa kuwala payokha, ndipo kumene kuli OLT amakhala ndi mabatire. Chomwe chimazima ndi ONT ndi router za m'nyumba mwanu. Zonse ziwiri zimadya magetsi ochepa, ndiye kabatire kakang'ono ka UPS kamazisunga zoyaka kwa maola ndithu. Kwa munthu wachikulire wokhala yekha, kapena wodalira telefoni ya m'nyumba poitana thandizo, kabatire kameneka n'kofunika kuposa liwiro lomwe tikukanganiranali.

Anaphiri: Zonsezi n'zothandiza kwa omwe sanalowe. Nanga ife tinalowa kale, phula linathiridwa, kampani ikungoti posachedwa, tipange bwanji?

Loya wa Gulu: Musamaimbe foni mmodzimmodzi. Kampani ikamaganiza zolowa pamalo imawerengera kuti mwa nyumba zomwe nthambo idzadutse, ndi zingati zidzalembetse n'kumalipira. Munthu mmodzi wodandaula sasintha masamu amenewo, koma mndandanda wa mabanja ambiri omwe asaina kuti adzalembetsa umasintha. Ku Parkhurst ku Johannesburg mu 2014 bungwe la anthu okhala m'deralo ndi lomwe linaitana makampani kuti apikisane, n'kusankha Vumatel, ndipo madera ena ataona anayamba kuchita chimodzimodzi. Kumeneko kunali kumalo akale okhala ndi misewu yomalizidwa, ndiye phula si mapeto a nkhani. Lembani kalata imodzi ngati komiti, ipite kwa omanga ndi ku makampani a netiweki angapo nthawi imodzi, ndipo mufunse omanga mwachindunji ngati anapereka kale chilolezo cholowera m'misewu yawo. Nthawi zina chomwe chaimitsa zonse ndi pepala limodzi la chilolezo lomwe lili pa tebulo la munthu wina.

Achisale: Muwonjezere funso ili m'kalatamo: kodi mapaipi anayesedwa, ndipo lipoti lake lili kuti? Ngati pali potsekeka, lipotilo limanena kuti ndi pakati pa dzenje liti ndi liti. Mukadziwa malo ake, nkhani imasiya kukhala ya posachedwa, imakhala ya mamita angapo ofunika kukumba.

Anaphiri: Ndipo akapeza kuti yatsekeka, wokumbanso n'kulipira ndani?

Achisale: Ngati netiweki sinalandire mapaipiwo, ndi omanga.

Amkandawire: Ngati anawayendera n'kusainira kuti ali bwino, ndi a netiweki. Tisamangokankhira omanga chilichonse.

Achisale: Kusainira kwake kuja kochitika malole asanasiye kudutsa?

Amkandawire: Siginecha ndi siginecha achimwene.

Loya wa Gulu: Anaphiri, m'kalata muja mupemphenso kope la pepala losainidwalo, ndi deti lake.